Sitima za Mataliyana Zoyenda Pansi pa Nyanja: Dizilo Pamwamba, Batire Pansi

Anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, amakhala kutali ndi nyanja ya mchere. Madzi amene amawadziwa bwino ndi a mitsinje monga Diamphwe ndi Nanjiri, ndiponso a zitsime za m'madimba. Komabe pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Hitler, zinthu ziwiri zamtengo wapatali za m'chigwa cha Lilongwe zinkayenda panyanja. Choyamba chinali fodya wa chikopa. Iye ankatengedwa pa malole kupita ku Salima, kumene njanji inafika mu 1935, nakwera sitima ya pamtunda kupita ku Limbe, kenaka nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana mpaka ku doko la Beira. Chachiwiri chinali anyamata olembedwa usilikali wa Keyala, gulu la King's African Rifles, amene ankatumizidwa pa zombo ku maiko akutali.

M'nyanja zimenezo munali adani osaoneka ndi maso, ndiwo sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Ambiri amadziwa za sitima za Ajeremani, koma Mataliyana nawo anali nazo. Pamene dziko la Italy linalowa nkhondo pa 10 Juni 1940, linali ndi sitima zotere zoposa 110, ndipo linali pakati pa maiko amene anali nazo zambiri pa dziko lonse. Zisanu ndi zitatu mwa izo zinali mu Africa muno, pa doko la Massawa ku Eritrea. Zimene sitimazi zinachita, ndi zimene zinalephera kuchita, zimamveka bwino munthu akayamba wadziwa makina amene ankaziyendetsa.

Injini imapuma, mota siipuma

Aliyense amene anapitapo ku chigayo cha dizilo amadziwa kuti injini imafuna zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya, ndipo utsi wake amautulutsira kunja kudzera mu paipi yoboola khoma. Munthu atati atseke chigayocho osasiya ngakhale kampata kakang'ono, injini ikhoza kumeza mpweya wonse m'kanthawi kochepa, ndipo anthu a m'katimo akhoza kukomoka. Vuto la sitima ya pansi pa madzi ndi lomwelo. Ikamira imasanduka nyumba yotsekeka mbali zonse, ndipo moto uliwonse woyaka m'menemo umalimbirana mpweya ndi anthu.

Mota ya magetsi ilibe vuto limeneli, chifukwa siifuna mpweya ndipo siitulutsa utsi. N'chifukwa chake sitima yoyamba ya mtundu umenewu ya Mataliyana, yotchedwa Delfino, imene inamangidwa ku La Spezia m'zaka za m'ma 1890, inayamba ndi kuyendera mabatire okha. Koma batire limatha msanga, ndipo likatha sitima imangoyandama ngati chikuni. Delfino sinkatha kupita kutali ndi doko lake. Panafunika injini ina yoti iziyendetsa sitima pamwamba pa madzi, ndi kudzazanso mabatire pa nthawi yomweyo.

Amisiri anayamba ndi injini za petulo. Mu 1905 ku Venice kunatuluka sitima yotchedwa Glauco, imene anaikonza katswiri wotchuka Cesare Laurenti. Petulo anali ndi mphamvu ndithu, koma nthunzi yake imadzaza malo otsekeka, imaledzeretsa anthu, ndipo imaphulika ikangokumana ndi kamoto kakang'ono. Mu 1909 sitima ina ya Laurenti, yotchedwa Foca, inaphulika ili pa doko la Naples chifukwa cha nthunzi ya petulo, ndipo anthu anafa.

Mankhwala a vutoli anali atapezeka kale ku Germany. Mu 1897, mu mzinda wa Augsburg, Rudolf Diesel anasonyeza injini yosafuna mapulagi. M'injini yake mpweya umapanikizidwa kwambiri mpaka kutentha, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha. Mafuta ake ndi olemera, satulutsa nthunzi yoopsa ngati petulo, ndipo lita imodzi imayenda mtunda wautali. Afalansa anaika injini yotere m'sitima yawo Aigrette mu 1904. Mataliyana anatsatira ndi sitima zisanu ndi zitatu za gulu la Medusa, zimene zinatuluka pakati pa 1911 ndi 1913. Kuyambira pamenepo makampani monga Fiat ku Turin ndi Franco Tosi ku Legnano anakhala akupanga injini za dizilo za sitima zimenezi, pamene ena monga Ansaldo ndi Marelli ankapanga mamota a magetsi.

M'mene makinawo ankalumikizirana

Kumbuyo kwa sitima kunali zopalasira ziwiri zozungulira, ndipo chilichonse chinali ndi mtanda wake wachitsulo wolowa m'kati. Pa mtanda uliwonse makina ankandandalika motere: kutsogolo injini ya dizilo, kenaka kilatchi, kenaka mota ya magetsi, kenaka kilatchi ina, ndipo pomalizira chopalasira. Kilatchi imagwira ntchito monga ya galimoto, kulumikiza kapena kulekanitsa zitsulo ziwiri zozungulira.

Chinsinsi chachikulu chinali mu mota. Mota ikapatsidwa magetsi imazungulira, koma ikazunguzidwa ndi chinthu china imatulutsa magetsi, monga dayinamo ya njinga imene imayatsa nyali tayala likamayenda. Choncho sitima ikakhala pamwamba, dizilo ankazunguza mtanda wonse, chopalasira n'kumakankha madzi, mota n'kumadzaza mabatire. Ikakhala pa doko, amisiri ankamasula kilatchi yakumbuyo kuti dizilo azingodzaza mabatire sitima osasuntha. Ikafuna kumira, ankazimitsa dizilo, kumasula kilatchi yakutsogolo, kutseka pakamwa ponse polowera mpweya ndi potulukira utsi, ndipo mota yokha inkatsala ikuzunguza chopalasira ndi mphamvu ya mabatire.

Apa pali kusiyana ndi injini za sitima za pamtunda zimene zinayamba kufika ku Kanengo pamene njanji ya Salima kudza ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979. M'injini zimenezo dizilo sakhudza mawilo konse. Ntchito yake ndi kuzunguza jenereta basi, ndipo mawilo amayendetsedwa ndi mamota. Amereka anayamba kumanga sitima zawo za pansi pa madzi mwa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1930, koma Mataliyana, monganso Ajeremani, anakhalabe pa njira ya kilatchi.

Kumira kwenikweni kunkachitika ndi matanki a m'mbali mwa sitima. Akawatsegula, madzi a m'nyanja ankalowa, sitima n'kulemera, ndipo zipsepse zachitsulo zonga za nsomba zinkaiwongolera pansi. Pofuna kuvuuka ankapopera m'matankimo mpweya wopanikizidwa wosungidwa m'mabotolo achitsulo, madzi n'kutuluka. Mabotolowo nawo ankadzazidwa sitima ili pamwamba. Motero moyo wonse wa pansi pa madzi unkadalira maola amene sitima yakhala pamwamba. Inali ngati mvuu, imene ngakhale imire motani iyenera kutulutsa mphuno kuti ipume, ndipo mlenje wodziwa amangodikira nthawi imeneyo.

Chiwerengero cha mphamvu

Sitima yotchedwa Leonardo da Vinci, imene inamangidwa ku Monfalcone ndi kuikidwa pamadzi mu 1939, ndi chitsanzo chabwino. Inali yotalika mamita pafupifupi 76, ndipo inkanyamula anthu oposa 50. Injini zake ziwiri za dizilo zinali ndi mahosipawa 3,600 zonse pamodzi, pamene mamota ake awiri anali ndi 1,500 okha. Pamwamba inkatha kuthamanga makilomita oposa 30 pa ola, ndipo poyenda modekha mafuta ake ankakwana makilomita pafupifupi 19,000.

Pansi pa madzi nkhani inali ina. Liwiro lake lalikulu linali makilomita pafupifupi 15 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo mabatire ankatha m'ola limodzi lokha. Kunena kwina, sitimayo ikanati inyamuke mu mzinda wa Lilongwe ikuthamanga ndi mphamvu zake zonse, ikanaima isanafike ku Nathenje. Kuti mabatire akhalitse, inkayenera kuyenda pa liwiro la munthu wopita ku msika wa Mitundu wapansi, ndipo potero inkatha kuyenda makilomita pafupifupi 200, monga kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Balaka. Mkulu wa sitima akamathamangitsidwa ndi adani ankayenera kusankha pakati pa kuthawa mwaliwiro ndi kutha magetsi, kapena kukwawa pang'onopang'ono mabomba akugwa pamutu pake.

Mabatirewo anali a mtovu ndi asidi, mtundu umene Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859. Anali aakulu ndi olemera matani ambiri, ndipo ankaikidwa pansi pa zipinda zogona anthu. Anali ndi ngozi ziwiri. Akamadzazidwa ankatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene umaphulika ukachuluka. Madzi a mchere akalowa m'mabatire ankatulutsa mpweya wa klorini, umene umawononga mapapu. Choncho kabowo kakang'ono m'thupi la sitima kankatha kupha anthu madziwo asanafike n'komwe m'mawondo.

Tsoka la ku Massawa

Nyanja Yofiira ndi imodzi mwa nyanja zotentha kwambiri pa dziko. Sitima ikamira kumeneko, kutentha kwa mamota ndi mabatire kunalibe kotulukira, ndipo m'kati munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Pofuna kuthandiza anthu, amisiri anaika makina oziziritsa mpweya. Koma makinawo ankagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa methyl chloride, amene akatuluka m'mapaipi samveka fungo msanga, koma amasokoneza ubongo. Anthu ankayamba mutu, kenaka kubwebweta, ena mpaka kufa.

Nkhondo isanathe ngakhale sabata imodzi, pa 15 Juni 1940, sitima ya Macallé inagunda miyala kufupi ndi Port Sudan, oiyendetsa atasokonezeka mitu ndi mankhwalawo. Anthu ake anathawira pa kachilumba kopanda madzi akumwa. Atatu anapalasa kabwato mpaka ku Eritrea kukaitana thandizo, ndipo sitima inzake ya Guglielmotti inakapulumutsa otsalawo, mmodzi atamwalira kale. M'sitima ya Archimede namo anthu anafa ndi mankhwala omwewo, ndipo Perla inatsakamira pa gombe anthu ake akudwala, ngakhale kuti inakokedwa ndi kukonzedwanso.

Pa 19 Juni sitima ya Galileo Galilei inagwidwa yamoyo kufupi ndi Aden ndi kachombo ka Angerezi kotchedwa Moonstone, kamene poyamba kanali kophera nsomba. Torricelli inamizidwa pa 23 Juni, ndipo Galvani tsiku lotsatira. M'masabata awiri okha, theka la sitima za ku Massawa linali litatha. Angerezi anaitengera Galilei ku Port Said, kumene injini zake zinagwira ntchito yodzaza mabatire a sitima zawo.

Zimenezi zinakhudza asilikali a Nyasaland. Mu Julayi 1940 a bataliyoni yoyamba ya Keyala anamenyana ndi Mataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Mu Ogasiti a bataliyoni yachiwiri anali pa nkhondo ya Tug Argan ku British Somaliland, ndipo Angerezi atagonja kumeneko, asilikali anakwezedwa m'zombo pa doko la Berbera kuwolokera ku Aden. Anadutsa m'madzi omwewo amene sitima za ku Massawa zinaikidwira kuti zizisakamo, ndipo anawoloka popanda chombo chawo kumizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi.

Ulendo wozungulira Africa

Pofika kumayambiriro kwa 1941 zinaoneka kuti Eritrea igwa. Sitima zinayi zotsala, ndizo Archimede, Guglielmotti, Ferraris ndi Perla, zinalamulidwa kuthawira ku Bordeaux, ku France, kumene Mataliyana anali ndi doko lawo kuyambira mu 1940. Njira ya Suez inali m'manja mwa Angerezi, choncho panalibe kuchitira mwina koma kuzungulira Africa yense. Zinanyamuka m'masiku oyamba a Malichi, ndipo Massawa inagwa pa 8 Epulo.

Zitatu zikuluzikulu zinadutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar, m'madzi amene zombo za ku Beira zinkayendamo, pamene Perla, imene inali yaing'ono, inazungulira kum'mawa kwa Madagascar. Zinalamulidwa kupewa nkhondo kuti zisunge mafuta ndiponso zisadziwike. Ulendowu unali wa makilomita oposa 23,000, ndipo pafupifupi wonse unayendedwa pamwamba ndi mphamvu ya dizilo, pakuti mabatire sakanatha ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mtundawo popanda kudzazidwanso. Ngakhale matanki a mafuta sanali okwanira. Zikuluzikuluzo zinamwetsedwa mafuta pakati pa nyanja ndi chombo cha Ajeremani chotchedwa Northmark, ndipo Perla inathandizidwanso ndi china chotchedwa Atlantis. Zitatuzo zinafika ku Bordeaux kumayambiriro kwa Meyi, ndipo Perla inafika pa 20 Meyi, itatha masiku 81 panyanja. Makina amene anagonja ndi kutentha kwa Nyanja Yofiira anasonyeza kuti pa ulendo wautali anali olimba.

Ku Atlantic kunaoneka zofooka zina. Nsanja za pamwamba pa sitima za Mataliyana zinali zazikulu, zooneka patali, ndipo sitimazo zinkachedwa kumira poyerekeza ndi za Ajeremani. Zambiri zinkakoka mpweya wa injini kudzera pa khomo la nsanja, kotero kuti pa namondwe mafunde ankalowa m'kati ndi kuwononga zamagetsi. Amisiri a ku Bordeaux anachepetsa nsanjazo ndi kukonzanso njira za mpweya.

Chomvetsa chisoni kwa Mataliyana n'chakuti mmodzi wa iwo anali atapeza kale njira yochepetsera vuto lalikulu la kuvuuka. Cha m'ma 1925 katswiri wina, Pericle Ferretti, anayesa paipi yotulukira pamwamba pa madzi, yolola dizilo kupuma sitima ili yomira pang'ono, ndipo anaiyesa pa sitima ya H3. Akuluakulu a nkhondo anaiika padera nzeruyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu: pamene Ajeremani anayamba kuika paipi yotere pa sitima zawo mu 1943 ndi 1944, anaitengera kwa Adatchi, ndipo sitima za Italy zinamenya nkhondo yonse popanda iyo.

Kufupi ndi Durban

M'chaka cha 1942 nyanja ya kum'mawa kwa Africa inaopsa kwambiri. Mu Juni ndi Julayi sitima za Ajapani zinamiza zombo pafupifupi 20 pakati pa Mozambique ndi Madagascar ndi madera oyandikira. Mu Seputembala asilikali a Nyasaland anali m'gulu limene linatsikira pa doko la Majunga ku Madagascar, ndipo m'zaka zotsatira ena anawoloka nyanja kupita ku Ceylon ndi ku Burma. Kumapeto kwa 1942 sitima yaikulu ya Mataliyana, Ammiraglio Cagni, inafika kufupi ndi Cape Town pa ulendo umene unatenga masiku 136.

Mu 1943 kunabwera Leonardo da Vinci, motsogozedwa ndi Gianfranco Gazzana Priaroggia. Pa 14 Malichi, kumadzulo kwa Africa, inamiza chombo chachikulu cha Empress of Canada chimene chinanyamuka ku Durban. Anthu 392 anafa, ndipo pakati pawo panali Mataliyana anzawo ambiri ogwidwa pa nkhondo. Itazungulira Cape, mu Epulo inamiza zombo zina zinayi m'nyanja za South Africa: Sembilan, Manaar, John Drayton ndi Doryssa. Pa nkhondo yonse inamiza zombo 17 zolemera matani oposa 120,000, kuposa sitima ina iliyonse yosakhala ya Ajeremani.

Koma lamulo la mvuu silinasinthe. Pobwerera kwawo inayenera kuyenda pamwamba masiku ambiri, ndipo inatumiza uthenga pa wailesi umene adani anautola. Pa 23 Meyi 1943, kumadzulo kwa Spain, zombo za Angerezi za Active ndi Ness zinaipeza ndi kuimiza ndi mabomba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Italy itasiya nkhondo mu Seputembala chaka chomwecho, Ammiraglio Cagni, imene inali pa ulendo wina kummwera, inalowa pa doko la Durban pa 20 Seputembala ndi kudzipereka.

Zimene zinatsalira

Vuto la kupuma linathetsedwa nkhondo itatha. Mu 1955 sitima ya Amereka yotchedwa Nautilus inayamba kuyenda ndi mphamvu ya nyukiliya, imene siifuna mpweya. Italy sinatsate njira imeneyo. Mu 2006 inalandira sitima ya Salvatore Todaro, imene ili ndi dizilo ndi mabatire monga zakale, koma ilinso ndi makina opanga magetsi kuchokera ku haidrojeni ndi okosijeni wosungidwa m'matanki, kotero kuti imatha kukhala pansi masiku ambiri osavuuka.

Batire la mtovu ndi asidi silinasinthe kwambiri chiyambire masiku a Medusa. Ndi lomwelo limene limaliza injini ya galimoto, ndipo ndi lomwelo limene mabanja ambiri a m'midzi ya Mitundu ndi Nathenje amalumikiza ku sola kuti usiku ayatse nyali, amvere wailesi ndi kutchaja mafoni. Malamulo ake ndi omwe aja amene amisiri a m'sitima ankawasunga poopa imfa. Batire lisadzazidwe m'chipinda chotsekeka kapena pafupi ndi koloboyi ndi mbaula, chifukwa haidrojeni amene limatulutsa saoneka ndipo sanunkha. Madzi ake akatsika, owonjezera akhale madzi a batire ogula, osati a pachitsime. Ndipo lisamagwiritsidwe ntchito mpaka kutheratu, pakuti batire lophwetsedwa tsiku ndi tsiku silichedwa kufa, ndipo mwini wake amagula lina nthawi isanakwane.